Mwanayu Ndi Wanu

Randburg, 14 Meyi 2023

Amake Fletcher,

Moni ku Chembe uko. Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi ana athu, Fletcher ndi Tiyanjana, komanso apongozi anga ndi maondo awo aja. Ine ndilipo, kungoti kuzizira kwayamba msanga chaka chino ndipo chifuwa chija chabwerera pang'ono. Si chodetsa nkhawa.

Musadabwe kuti ndalemba pa pepala ngati munthu wakale. Foni yanu imakhala m'thumba la Fletcher, uthenga uliwonse amayamba kuwerenga iyeyo inu musanauone. Nkhaniyi ndi ya iye, n'chifukwa chake ndapatsira a Wadi, adalaivala amene amatitengera katundu kuchokera kuno kupita ku Mangochi.

Mwandiuza kuti mnyamatayo watenga pasipoti osatiuza. Nditamva ndinakhala pansi. Ine zaka khumi ndi ziwiri ndikutchetcha kapinga wa mzungu kuti iye akhale ndi boti ndi injini yakeyake, lero akufuna kusiya zonsezo pa mchenga kuti adzatani kuno? Kuno ku Joni sikuli monga zithunzi zimene ndimatumiza. Galimoto ndimatsamira ija ndimangoitsuka. Sindikufuna mwana wanga aponde dziko lino.

Koma kumuletsa ndi pakamwa n'kutaya malovu, makani akewo anatengera kwanu. Mverani tsono. Abwana anga a Howard ndi adona akufuna kukapuma pa chilumba chaka chino. Tsiku lina ndikuthirira maluwa adona anandifunsa kuti, "Rabson, kwanu kuli zilumba?" Ndinatseka mpope. Ndinati, "Adona, ndikaima kumbuyo kwa nyumba yanga ndimaziona." Ndinawauza za Mumbo, kuti kulibe mudzi, kulibe galimoto, kulibe magetsi, ndipo madzi ake umaona mwala uli pansi penipeni. Nditatchula za magetsi ndinaopa kuti ndawononga malonda, koma m'pamene anasangalala kwambiri. Anthu awa sindidzawamvetsa. Zimene ife tikuthawa iwo amalipira.

Ndawauza kuti mwana wanga ali ndi boti, ndipo iye ndiye aziwayendetsa masiku onse. Akaona kuti ndalama ya alendo imamupeza pakhomo, ndipo iwo akadzauza anzawo kuno, mwina pasipotiyo aiiwala. Musamuuze kuti ndikumutchingira njira. Mungoti bambo ako akupezera ntchito.

Ndatumiza bulangete la apongozi ndi nsapato za Tiyanjana. Zikakhala zazikulu asadandaule, phazi likukula.

Ine mwamuna wanu,
Rabson


Randburg, 25 Juni 2023

Amake Fletcher,

Kalata yanu ndinalandira, ndipo ndakondwa kumva kuti malungo a Tiyanjana anatha. Ine ndili bwinoko. Masiku ano ndakwezedwa, osati pa malipiro ayi, koma pa mpando. Madzulo abwana amandiitana pa khonde, amayala mapu pa tebulo, ine n'kumaloza ndi chala ngati mphunzitsi. Chiyambire ntchito pano ndinali ndisanakhalepo pa mipando imeneyo.

Iwo ankafuna kubwera mwezi wamawa. Ndinakana. Ndinati Julayi ndi wa mwera, nyanja imakhala yolusa, mukasanza ulendo wonse ndipo mukatukwana mwana wanga. Bwerani Okutobala, madzi atagona, mvula isanayambe. Anamvera. Akuti abwera pa galimoto yawo kudzera ku Zimbabwe ndi ku Tete. Ndawauza kuti alowere ku Dedza, atsike phiri la Golomoti kuli kowala, ndipo anyamule petulo m'zigubu chifukwa kwathu umatha osatsanzika. Ndalama atengeretu za m'manja, asadalire makina otapira ndalama a ku Monkey Bay. Apolisi akawaimitsa pa msewu ayambe apereka moni, nkhani ibwere pambuyo.

Adona nkhawa yawo ndi matenda basi. Ndawauza kuti amwe mankhwala oteteza malungo asananyamuke, azigona mu neti, ndipo asamasambe pafupi ndi bango kapena pamene anthu amachapira, kuopa likodzo. Anandifunsa za ng'ona. Ndinati ku Mumbo sindinamvepo, koma ng'ona silembera kalata, afunse eni malo akafika. Abwana anaseka mpaka kutsokomola. Dzuwa lokha ndawachenjeza mobwereza, chifukwa khungu lawo silichedwa kufiira ngati nkhanu yophika.

Mwati Fletcher wasangalala koma akufunsabe mtengo wa basi ya kuno. Musamuyankhe. Mumutume akagule penti, botilo alipake loyera ndi la buluu. Ndalama yake ndapatsira a Wadi, isapite kwina.

Mwafunsa za Jonathan, mnzanga wa ku Malindi uja, kuti bwanji sindikumutchula. Jonathan anapita kwawo. Akazi ake mukakumana nawo ku Mangochi muwapatse moni mwaulemu, osafunsa zambiri. Kutchalitchi ku Diepsloot sindinapiteko masabata angapo, ndikumapemphera m'chipinda mommuno. Lamlungu misewu ina siikuyendeka kwa ife.

Moni kwa onse ofunsa.

Rabson


Randburg, 20 Ogasiti 2023

Amake Fletcher,

Ndikuyembekeza muli moyo nonse. Malembedwewa akaoneka okhota musaseke, dzanja lamanja ndalimanga. Ndinagwa. Likupola, kungoti makina otchetchera akundilemera, ndipo abwana ayamba kumayang'ana wotchi ndikamagwira ntchito.

Funso lanu ndalimva, loti kodi ndibwera nawo limodzi. Mumadziwa kuti ndikanakonda. Mpando m'galimoto ulipo, ndinauona ndi maso anga. Koma mapepala anga anatha kalekale, ndipo ndikangofika pa boda andidinda chidindo choti ndisabwererenso kuno. Nanga sukulu ya Tiyanjana adzalipira ndani? Komanso agalu awiri a pano akufuna wowapatsa chakudya. Ndiye abwana akaona nyumba yanga, ine ndizilondera yawo.

Tsono izi mumuwerengere Fletcher, ndime ino yokha. Mzungu akati eyiti koloko ndi eyiti koloko, boti alipeze lili kale m'madzi. Wailesi ija aisiye kunyumba, anthuwa akulipira kuti asamve phokoso. Majekete opulumutsira m'madzi akabwereke abwino, osati odyedwa ndi makoswe. Petulo athiriretu wopita ndi wobwerera. Asapemphe kanthu, ngakhale chipewa, ngakhale nambala ya foni. Atenge tinsomba toponyera nkhwazi, aimbe mluzu, iwo akonzeretu makamera, chifukwa mzungu akajambula nkhwazi ikutola nsomba amaiwala mavuto ake onse. Awaonetse tinsomba ta mbuna m'miyala muja. Nyanja ikasintha nkhope abwerere, ngakhale abwana akakamize. Ndipo asambe, avale malaya, Chingerezi chake chija achitulutse chonse.

Inuyo, adona akuti akufuna adzaone pakhomo tsiku lomaliza. Musabwereke mipando kwa aneba, iwo akufuna kuona mmene tilili, mphasa ikwanira. Mbuzi musaphe. Muwawotchere kampango, mutu muchotse, amaopa nsomba yowayang'ana. Madzi akumwa akhale a m'botolo lotseka. Ana a m'mudzi akabwera kudzaonerera muwathamangitse mwaulemu. Adona ndi munthu wabwino mtima koma wosungulumwa, ana awo onse anasamukira kutsidya kwa nyanja ndipo sabwera. Akayamba kulira musachite mantha, amalira msanga.

Ndikudalira inu. Ulendowu ukayenda bwino mwana wathu akhazikika.

Mwamuna wanu,
Rabson


Randburg, 8 Okutobala 2023

Amake Fletcher,

Moni wa chimwemwe lero. Ndili ndekha m'nyumba yonseyi ndi agalu, koma mtima wanga uli pa Mumbo. Adona akafika pamene pali netiweki amanditumizira zithunzi, ndipo ndaziyang'ana mpaka batire kutha.

Amake Fletcher, mwanayu munamudyetsa chiyani? Ndinamusiya akundilekeza m'chiuno, pa foni ndimaona nkhope yokha, lero ndikuona chimunthu chaima kumbuyo kwa boti, dzanja pa injini, mapewa ngati a malemu bambo anga. Botilo walipaka bwino. Pali chithunzi china akuwotcha nsomba pa mwala, abwana atagwada pambali pake ngati akuphunzira. Ndinalira, sindibisa. Agalu anangondiyang'ana.

Malangizo anga onse agwira, kupatula a dzuwa. Abwana apsa msana, akugona chafufumimba. Petulo wa m'zigubu anawapulumutsa pa Golomoti. Adona analuza mphete posambira, Fletcher anamira n'kuivuula, ndipo atamupatsa ndalama anakana. Zimenezo sindinamuphunzitse ine, ndi zanu. Akuti usiku wina kunachita kamphepo, iye anawoloka m'mamawa kukaona ngati matenti awo pa chilumbapo ali bwino. Abwana alemba kuti anzawo awiri akufunsa kale za ulendo wa pa Pasaka. Mwaona? Nzeru ija yabala.

Pali mawu amodzi okha amene sanandikhalire bwino. Adona alemba kuti mwana wanzeru chotere akungowonongeka kumudzi. Ndinawayankha kuti sakuwonongeka, ali pa ntchito yake. Sanayankhe. Mwina netiweki inathawa.

Lachisanu akubwera kwanu kudzatsanzika. Kalatayi mwina ifika atapita kale, koma ndikudziwa muwalandira bwino. Muvale chitenje cha Chigwirizano cha Amayi chija, mumaoneka ngati mkazi wa bishopu.

Ine,
Rabson


Randburg, 15 Okutobala 2023

Lusiya,

Ndinakuimbirani dzulo, munangolira mpaka mayunitsi kutha. Ndiye ndilembe, mwina mundiyankha zomveka.

Adona anandiimbira ali pa msewu wa ku Tete. Mawu awo ali m'mwamba ndi chimwemwe. Akuti, "Rabson, mkazi wako watipatsa mphatso yaikulu. Anagwada, anagwira manja anga, n'kutipatsa mwana wake." Ndinafunsa kuti mwana uti. Anati, "Ali pompano, wakhala kumbuyo, pereka moni kwa bambo ako." Ndinamva mawu akuti, "Ababa, muli bwanji?" Ndinagwira mpanda.

Ndaganiza usiku ndi usana, ndipo ndikuona mmene zinayendera. Inu munagwada potsanzika n'kunena kuti, "Zikomo kwambiri, mwanayu ndi wanu." Si choncho? Mawu amenewo timawanena kwa aphunzitsi, kwa abambo mfumu, kwa aliyense amene wapatsa mwana nthochi. Palibe amene ananyamulapo mwana chifukwa cha mawu amenewo. Koma womasulira anali ndani? Anali Fletcher. Adona andibwerezera mmene anawauzira m'Chingerezi: amayi akuti kuyambira lero ndine mwana wanu, munditenge. Mawu omalizawo, oti munditenge, anaonjezera yekha, ndipo chikwama chinali chomangiratu.

Nanga inu, mutaona adona akulira n'kumukumbatira, mwana akulowa m'nyumba kukatenga chikwama, simunadziwe? Pakati pa kulira kwa dzulo kuja munati munachita manyazi kukaniza alendo pamaso pa anthu. Ndikumva. Inenso ndikanachita manyazi, ndi matenda athu amenewa. Koma mwandipweteka, Lusiya, ndipo ndadzipweteka ndekha koposa, chifukwa galimoto imeneyo ndinaiitana ndine.

Ndinayesa kuwafotokozera adona kuti kwathu ndi mawu aulemu chabe. Anaseka. Anati ndisachite manyazi, iwo ndi okondwa kuthandiza, ndipo ndiyenera kunyadira. Ndikanakuwa, koma munthu sukuwira mwini chipinda chimene umagonamo.

Injini muichotse pa boti, muiike m'nyumba, muifunditse thumba. Wina aliyense asaibwereke. Pa boda amupatsa masiku makumi atatu. Asanathe amenewo ndimukweza kwa a Wadi, ngakhale ndichite kumumanga.

Rabson


Randburg, 29 Okutobala 2023

Amake Fletcher,

Pepani mawu anga aja, ndinalemba mtima uli m'mwamba. Muli bwanji? Mukudya? Tiyanjana wandiuza kuti mukungokhala pa khonde. Mwana wanu ali bwino, anafika wathunthu.

Atatsika m'galimoto tinangoima n'kumayang'anana. Ndinakonzeka kumukalipira, mawu ndinali nditawasanja bwinobwino, koma anandigwira dzanja ndi manja awiri n'kuwerama, zonse zinandithawa. Ndinamutengera kuseri kwa galaja. Anaima pakhomo, anayang'ana bedi, mbaula, matumba a chakudya cha agalu amene amasungidwa momwemo, zovala zanga pa msomali. Anafunsa kuti, "Ababa, ndi muno?" Ndinati, "Ndi muno." Amagona pansi, mapazi amafika pachitseko.

Ntchito akugwira ngati wolodzedwa. Kapinga amene ine ndimatha masiku awiri iye amamaliza isanakwane nthawi ya nkhomaliro. Wakonza mpope wa dziwe losambiramo umene unavuta chaka chonse. Ndinamunong'oneza kuti achepetseko liwiro, sanamve chimene ndikutanthauza. Abwana akumuyang'ana, kenako n'kuyang'ana ine.

Popeza waona yekha, nanunso ndikuuzeni zimene ndinkabisa. Jonathan anapita kwawo m'bokosi. Anamuimitsa anyamata a zibonga Lamlungu pochokera kutchalitchi, anamufunsa dzina la chigongono m'chinenero chawo, iye anaphonya. Ine dzanja lija sindinagwe. Anandipeza pamalo okwerera minibasi, ndinatchinga mutu ndi mkono. Kuchipatala sindinapite, pakhomo pake pamaima anthu ofunsa mapepala. Chifuwachi nachonso si cha kuzizira kokha, usiku ndimatuluka thukuta ndipo ndaonda moti pa lamba wa thalauza ndaboolapo mabowo awiri atsopano.

Zonsezi ndamuuza Fletcher. Ndinamutenga kukamuonetsa pamene Jonathan anagwera, ndinamuphunzitsa kuti akaona galimoto ya apolisi asathamange, ndiponso kuti mu minibasi asayankhe foni m'Chichewa. Ndinamufunsa kuti, "Waiona Joni yako?" Anangoti, "Ndaiona, ababa." Ndikuganiza kuti mantha amugwira, ndipo ndikuthokoza Mulungu. A Wadi anyamuka pa 11 Novembala, malo ake ndasungitsa kale.

Mupempherere kuti akwere.

Mwamuna wanu,
Rabson


Randburg, 19 Novembala 2023

Amake Fletcher,

Moni. Ndikhulupirira mvula yoyamba yakupezani denga lili lokonza. Munadikira pa 13 ku Monkey Bay, a Wadi anatsitsa katundu yekha. Ndikanakuimbirani, koma ndinalibe mawu.

Fletcher sanakwere. M'mawa wa tsikulo ndinamudzutsa, chikwama ndinali nditamulongedzera ndekha. Anakhala pa bedi n'kunena kuti, "Ababa, ndinabwera chifukwa cha zithunzi, zimenezo ndikuvomera, ndipo amama ndinawanamizira. Koma usiku ndimakumvani mmene mukupumira. Mukakhala kuno chaka china mubwerera ngati a Jonathan. Wina ayenera kutumiza ya sukulu ya Tiyanjana. Pitani inuyo." Ndinamukalipira. Ndinamuuza kuti ndine bambo ake, sanganditume. Ndinamugwira malaya kuti ndimukoke, ndi dzanja lija, ndipo sanasunthe n'komwe. Anangodikira kuti nditsirize kutsokomola, kenako anandipatsa madzi.

Masiku makumi atatu amene anamupatsa pa boda aja anatha Lachitatu. Tsopano ali ngati ine, wopanda mapepala.

Lachisanu abwana anandiitana pa khonde paja. Analankhula bwino, sindingawanamizire. Anati ndawatumikira mokhulupirika, ndatopa, ndikapume kwathu ndikaonane ndi madokotala. Chipinda n'chimodzi, ntchito ndi ya munthu mmodzi, ndipo ikhalabe m'banja mwathu. Anandipatsa envulopu ndi jekete lawo lakale. Adona analira, anati ndisadere nkhawa, Fletcher amusunga ngati mwana wawo. Ndinathokoza. Anawonjeza kuti anzawo aja a pa Pasaka atsimikiza, akufuna boti lomwelo. Ndiye injini ija muipukute, woyendetsa ndikhala ine ngati chifuwa chilola.

Ndinyamuka ndi a Wadi Loweruka likubwerali. Pa boda andidinda, akuti zaka zisanu osapondanso kuno. Iye naye tsiku limene adzatuluke adzamudinda chimodzimodzi, ndiye sadzatuluka msanga, ndikudziwa mmene zimakhalira. Masiku atsalawa ndikumuyendetsa, kumuonetsa sitolo imene safunsa zambiri, nyumba ya Amalawi anzathu yothawirako zikavuta, ndi mmene angazimitsire mbaula asanagone kuti utsi usamuphe. Amamvetsera bwino, ngati mmene anamverera za nkhwazi zija. Bulangete langa ndimusiyira.

Zaka zonsezi mwakhala mukupempha kuti ndibwere. Ndikubwera, ndipo sindikudziwa kuti ndidzakuyang'anani bwanji. Ku Monkey Bay mubwere nokha, Tiyanjana atsale ndi agogo ake, ndipo anthu a kutchalitchi musawauze tsiku. Ndikatsika musandifunse pagulu kuti mwana ndamusiya bwanji. Mudzandifunse tikafika kunyumba, chitseko chili chotseka.

Ine mwamuna wanu,
Rabson